Mbiri ya Asilamu pa Kanema: Kuchokera ku Cairo Kufika Pafoni ya Mwana

M'chaka cha 1926 mumzinda wa Cairo mudabuka mkangano umene utsi wake ukadafukabe. Katswiri wa zisudzo wa ku Egypt, Youssef Wahbi, adavomera kusewera ngati Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale naye, mufilimu imene kampani ina ya ku Germany inkakonza. Nkhaniyo itatuluka m'nyuzipepala, maulama a ku Al-Azhar adaikana poyera, ndipo Mfumu Fuad idaopseza Wahbi kuti im'landa unzika ndi kum'pirikitsa m'dziko. Wahbi adaisiya ntchitoyo, ndipo filimuyo sidajambulidwe konse. Apo n'kuti kanema ali ndi zaka 30 zokha, tikawerenga kuyambira pa 28 December 1895, tsiku limene abale awiri a banja la Lumière adaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira pakhomo mumzinda wa Paris.

Chofunika kuchigwira pankhaniyi n'chakuti kuletsako kudatheka. Mawu a maulama ndi chenjezo la mfumu zidakwanira, chifukwa masiku amenewo filimu inkadutsa pachipata chimodzi chopapatiza, ndipo pachipatapo pankakhala mlonda. M'zaka 100 zimene zadutsa, chipatacho chasuntha katatu: kuchoka muholo ya kanema kupita patepi, kuchoka patepi kupita padishi, ndiponso kuchoka padishi kufika pafoni imene ili m'thumba la mwana wathu. Nthawi iliyonse chikasuntha, udindo wosankha choonera ndi wofufuza ngati chili choona unkasuntha nacho. Ulendo umenewu tiutsata kudzera m'mafilimu atatu onena za mbiri ya Asilamu amene ambiri a ife tidawaona kapena kumva mbiri yawo: The Message, Omar ndi Ertuğrul.

Nthawi ya chinsalu

Kanema wakale ankajambulidwa palamba wautali wokulungidwa m'zitini zolemera. Kope lililonse linkadya ndalama zambiri, choncho makope ankawerengeka, ndipo poonetsa pankafunika makina, magetsi, chinsalu ndi chilolezo cha boma. Kuno kwathu kanema adabwera atanyamulidwa ndi olamulira. Pakati pa 1935 ndi 1937 gulu la Bantu Educational Kinema Experiment lidayenda pagalimoto m'Tanganyika, m'Nyasaland ndi m'maiko oyandikana nawo kuonetsa mafilimu ophunzitsa, ndipo kuyambira mu 1948 ntchito yotere idakhala m'manja mwa Central African Film Unit. Titalandira ufulu, lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mafilimu asanaonetsedwe, ndipo wailesi ya kanema sitidakhale nayo mpaka TVM itatsegulidwa mu 1999. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, mbiri ya Mtumiki ndi Maswahaba ake inkalowera m'makutu, kuchokera pakamwa pa mwalimu ku madrasa ndi pa khutba ya Lachisanu. Womvera ankamudziwa wofotokoza, ankadziwanso shehe amene adam'phunzitsa.

Amene adayesa kuika mbiri imeneyi pachinsalu, osabwereza cholakwa cha 1926, adali Moustapha Akkad, wobadwira ku Aleppo m'dziko la Syria, amene adaphunzira zopanga mafilimu ku Los Angeles. Zolemba za filimu yake adazipereka kwa maulama a ku Al-Azhar kuti aziunike. Mtumiki sadaoneke, mawu ake sadamveke, ndipo makhalifa anayi oyamba nawonso sadaoneke. Pamalo pamene Mtumiki adayenera kuima, Akkad adaimikapo kamera, kotero kuti olankhula naye amakhala ngati akuyang'ana woonera. Mtolo wa nkhani adausenzetsa Hamza, Bilal ndi Zayd. Filimuyo adaijambula kawiri pamalo amodzimodzi, m'Chingerezi ndi m'Chiarabu, ndi magulu awiri a osewera: Anthony Quinn adasewera Hamza m'Chingerezi, Abdullah Gaith m'Chiarabu.

Kusamala konseko sikudam'tsegulire zipata zonse. Bungwe la Muslim World League la ku Makka lidaikana filimuyo. Kujambula kudayambira ku Morocco mu 1974, koma boma la kumeneko lidabweza mawu ake, ndipo Akkad adakamalizira ku Libya mothandizidwa ndi Muammar Gaddafi. The Message idatuluka mu 1976. Maiko angapo a Aarabu adailetsa, ndipo Saudi Arabia idailola m'maholo ake mu 2018, patapita zaka 42, mwini wake atamwalira kale pabomba limene lidaphulika muhotela ina ku Amman mu 2005. M'nthawi ya chinsalu, boma likatseka chipata, filimu inkagona kunja.

Tepi ndi nyumba za vidiyo

M'chaka chomwecho cha 1976 kampani ya JVC ya ku Japan idatulutsa tepi ya VHS. Kanthu kameneka kadachita zimene Akkad sakadatha. Tepi inkakwana m'chikwama cha wamalonda kapena cha wophunzira wobwerera kwawo, ndipo aliyense wokhala ndi makina awiri ankatha kukopa ina. Filimu imene maboma adaitsekera pakhomo idalowera pazenera.

Kuno kwathu tepi idabala nyumba zoonetsera vidiyo. Tonse tikuzikumbukira m'misika ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota: kachipinda kamdima, mabenchi, jenereta ikulira kuseri, sipika itaikidwa panja kuti iitane odutsa. Munkaonetsedwa mafilimu a karate, achimwenye, kenako a ku Nigeria, amene msika wawo udakula kuchokera pa filimu ya Living in Bondage imene idatuluka patepi mu 1992. Tepi itatha mphamvu padabwera ma CD ndi ma DVD, otsika mtengo koposa. Ambiri a ife The Message tidaionera panjira imeneyi.

Apa mlonda adasintha. M'malo mwa bungwe la boma, wosankha adali mwini kachipindako, ndipo muyeso wake udali makobiri olowa pakhomo. Komabe chinthu chimodzi cha nthawi yakale chidatsala: kuonera kudali kwa gulu. M'nyumba imene mudali vidiyo, aneba ankadzaza mphasa, ana kutsogolo, akulu kumbuyo. Hamza akagwa ndi mkondo wa Wahshi pa nkhondo ya Uhud, pankapezeka munthu wodziwa Sira amene ankatha kunena zimene zili m'mabuku ndi zimene wopanga filimu adangowonjezera kuti nkhani ikome. Mwana akafunsa, woyankha adali pomwepo.

Dishi padenga

Kusuntha kwachiwiri kudachokera kumwamba. Mu 1991 ku London kudatsegulidwa Middle East Broadcasting Center, wailesi ya kanema ya Chiarabu yofalitsa kudzera pasetilaiti. Imadziwika ndi zilembo za MBC ngati wailesi yathu ya boma, koma palibe ubale. Chithunzi chotsika pasetilaiti sichiima pamalire kuti chidindidwe, ndipo aliyense amene waimika dishi padenga amachilandira. Mawailesi otere adakulitsa mwambo wa masewero a Ramadhan, oonetsedwa chigawo chimodzi usiku uliwonse anthu atamasula swaumu, mpaka mwezi kutha.

M'Ramadhan ya 2012 MBC, mogwirizana ndi wailesi ya kanema ya ku Qatar, idaonetsa sewero la Omar, lolembedwa ndi Walid Saif, lotsogozedwa ndi Hatem Ali wa ku Syria, ndipo lojambulidwa ku Morocco. Seweroli lidadumpha mzere umene Akkad adaulemekeza. Mtumiki sadaoneke, koma Abu Bakr, Umar, Uthman ndi Ali, Allah asangalale nawo, adaseweredwa ndi anthu ooneka nkhope. Maulama adagawikana. Sheikh Yusuf al-Qaradawi ndi Sheikh Salman al-Awda adali m'gulu lounika zolemba zake, pamene Al-Azhar ndi Mufti Wamkulu wa Saudi Arabia adatsutsa.

Kugamula mbali imene idalondola ndi ntchito ya odziwa fiqh. Ife chimene tikuona ndi kusiyana kwa zotsatira. Mu 1926 kutsutsa kwa Al-Azhar kudapha filimu isanabadwe. Mu 2012 kutsutsa komweko kudangokhala langizo kwa woonera, chifukwa rimoti inali m'manja mwa mwini nyumba. Sewerolo lidaonetsedwa lonse, lidamasuliridwa m'zinenero zina, kenako lidakhazikika pa YouTube, kumene aliyense angalipeze lero.

Kanema wa m'manja

YouTube idayamba mu 2005. Netflix idayamba mu 1997 ku America ngati kampani yobwereketsa ma DVD kudzera papositi, ndipo mu 2007 idayamba kutumiza mafilimu pa intaneti kuti munthu aziona pomwepo akamafika, njira imene imatchedwa streaming. Mu January 2016 idatsegula ntchito yake m'maiko ena 130 tsiku limodzi, Malawi ali momwemo. Ndandanda ya mapulogalamu idatha ntchito: woonera sadikiranso ola limene wailesi yaika, ndipo chigawo chikatha china chimayamba chokha. Chifukwa bandulo ndi yodula, ambiri kuno amalandira mafilimuwa kudzera kwa anyamata a pamsika amene amawakopera m'mafoni ndi m'timakadi, ena atalankhuliridwa kale m'Chichewa ndi womasulira amene amathiramo nthabwala ndi maganizo ake.

Sewero limene lidakwera pamsana pa njira imeneyi kuposa ena onse onena za Asilamu ndi Diriliş: Ertuğrul. Lidaonetsedwa pawailesi ya boma la Turkey, TRT 1, kuyambira mu December 2014 mpaka mu May 2019, m'zigawo 150 zotalika pafupifupi maola awiri chilichonse. Netflix idaliduladula m'zigawo 448. Ku Pakistan nduna yaikulu Imran Khan idalilimbikitsa, ndipo wailesi ya PTV idayamba kulionetsa m'Chiurdu m'Ramadhan ya 2020. Ku Tanzania Azam TV, imene madikoda ake amapezekanso kuno, idaliika m'Chiswahili. Achinyamata ambiri adapezamo chimene mafilimu a ku Hollywood sadawapatsepo: Msilamu wolimba mtima, wopemphera, wolemekeza makolo, amene sali chigawenga cha m'nkhani. Ludzu limenelo ndi lenileni ndipo sitiyenera kulinyoza.

Koma tifunse kuti mbiri imanenanji za Ertuğrul. Adali bambo wa Osman, amene adayambitsa ufumu wa Ottoman, ndipo ndalama yachitsulo ya nthawi ya Osman imatchula dzina lake. Adamwalira cha m'ma 1280, ndipo manda ake ali ku Söğüt. Mabuku oyamba a mbiri ya Ottoman amene amafotokoza moyo wake adalembedwa patadutsa zaka zoposa 100 iye atamwalira, ndipo sagwirizana ngakhale pa dzina la bambo wake: ena amati Süleyman Şah, ena amati Gündüz Alp. Ibn Arabi, amene m'seweromo amaoneka ngati mlangizi wa Ertuğrul, adali munthu weniweni amene adamwalira ku Damascus mu 1240, koma palibe buku la nthawi yawo lonena kuti awiriwa adakumana. Zimene zimadziwika motsimikizika za Ertuğrul zingakwane patsamba limodzi. Zotsala za m'maola mazana atatu aja zidachokera m'mutu mwa Mehmet Bozdağ ndi alembi anzake.

Tionenso kuti maboma sadachoke m'bwaloli, adangosintha malo. Kale ankaima pachipata kuletsa. Tsopano amalipira opanga. Mu March 2018, ubale wa Turkey ndi Saudi Arabia utazizira, MBC idachotsa masewero onse a ku Turkey. Chaka chotsatira idaonetsa Mamalik al-Nar, sewero lopangidwa ndi kampani ya ku United Arab Emirates, lofotokoza mmene Sultan Selim Woyamba adagonjetsera Egypt mu 1517. M'menemo a Ottoman ndi ankhanza, ngwazi ndi Tuman Bay, mfumu yomaliza ya a Mamluk. Ufumu umodzi womwewo, wina akuujambula ngati chishango cha Chisilamu, wina ngati chilombo, ndipo onse awiri ndi Asilamu. Mwana woonera limodzi lokha mwa masewerowa amatuluka atatenga mbali pamkangano wa maboma a lero, iye akuyesa waphunzira mbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mlonda wosaoneka

Pafoni palinso wosankha wina amene sitimuona. Ndi ndondomeko ya kompyuta yotchedwa algorithm, mawu ochokera ku dzina la Al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene adagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Ndondomekoyi imasunga zimene munthu waona, pamene adaimitsa ndi pamene adabwereza, n'kum'patsa china chofanana nacho kuti asachoke. Mu 2018 mkulu wina wa YouTube, Neal Mohan, adanena kuti magawo oposa 70 pa 100 alionse a nthawi imene anthu amathera pamenepo amakhala akuonera zimene makinawo awasankhira. Chaka cha 2017 mkulu wa Netflix, Reed Hastings, adatchula tulo ngati mdani amene kampani yake imalimbana naye. Mabanja amene amadzutsa ana ku Swala ya Fajr akudziwa kuti sankaseka.

Mlonda ameneyu safunsa ngati chinthu n'choona. Amangoyeza ngati chikugwira maso. N'chifukwa chake tizidutswa ta mphindi imodzi ta masewero a mbiri timayenda pa TikTok ndi pa WhatsApp titadulidwa mutu ndi mchira, opanda dzina la wopanga, nthawi zina titamatidwa mawu amene ngwaziyo sidayankhulepo ngakhale m'seweromo. Ndipo woonera ali yekha, foni kumaso, timawaya m'makutu. Mkulu wodziwa Sira uja, amene ankakhala kumbuyo kwa mphasa, palibe. M'makalasi a madrasa tayamba kukumana ndi ana odziwa maina a ankhondo a Ertuğrul onse, amene amatsutsa buku chifukwa iwo adaona ndi maso. Chimene munthu waona chimakhazikika mumtima kuposa chimene wamva, ngakhale chikhale chopeka.

Chida chimene tili nacho kale

Asilamu si alendo pavuto la nkhani zoyenda popanda mwini. M'zaka za makhalifa a Umayyad ndi Abbasid, anthu opeka Hadith adachuluka, ena pofuna kukweza mfumu, ena mtundu wawo, enanso ndi cholinga chabwino chofewetsa mitima. Maulama sadathe kutseka pakamwa pa aliyense. Chimene adachita ndi kukhazikitsa isnad, unyolo wa maina osonyeza kuti uyu adamva kwa yani, ndipo uyo kwa yani, pamodzi ndi maphunziro ofufuza khalidwe ndi chikumbumtima cha wofotokoza aliyense. Imam Bukhari, amene adabadwa mu 810 n'kumwalira mu 870, adayenda maiko ambiri pantchito imeneyi. Pambuyo pake Ibn Khaldun, polemba Muqaddimah mu 1377, adawonjezera muyeso wina: nkhani iyesedwe ngati ingatheke malinga ndi mmene anthu amakhalira, ndipo wofotokoza ayang'anidwe ngati sakukondera gulu lake kapena kufuna kusangalatsa olamulira.

Sewero si Hadith, ndipo wolemba sewero ali ndi ufulu wopeka. Vuto limayamba pamene woonera waiwala kuti akuonera sewero. Popeza chipata chafika m'nyumba, mafunso amene kale ankafunsa maulama ndi mabungwe a boma atsala kwa bambo, mayi ndi mwalimu. Ndani wapanga filimuyi, ndipo ndalama zake zachokera kuti? Nkhani yake yatengedwa m'buku liti? Ngati yamasuliridwa, womasulirayo ndi wokhulupirika? Mafunsowa safuna digiri. Amafuna kholo lokhala pansi n'kuonera limodzi ndi ana ake ngakhale chigawo chimodzi, ndi mwalimu wodziwa zimene ophunzira ake akuonera, kuti pophunzitsa Sira ndi mbiri ya makhalifa azisiyanitsa poyera za m'buku ndi za m'sewero. Kulanda foni kokha sikukwanira, pakuti mnzake wa mwanayo ali ndi ina. Kuongola mtengo ndi poyamba.

Mbiri yathu ikudikira

Luso lomweli latsitsanso mtengo wopangira filimu. Zimene Akkad adazichita ndi chuma cha maboma, lero mbali yake ingachitike ndi kamera yaing'ono ndi kompyuta. Shemu Joyah adatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya msodzi Yusufu ndi banja lake m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi. Mu 2019 Netflix idafalitsa padziko lonse The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, mbali yake yaikulu ili m'Chichewa. Njira imene imatibweretsera nkhani za ena ingathenso kunyamula zathu.

Ana athu akudziwa mahema a fuko la Kayı, koma ochepa angafotokoze mmene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikikira ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, mmene mafumu Makanjira ndi Mponda adalandirira Chisilamu, kapena ntchito ya Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene adaphunzitsa mashehe ambiri a m'dziko muno. Mbiri imeneyi ili ndi mbali zowala, ilinso ndi mbali yowawa ya malonda a akapolo, ndipo woifotokoza adzayenera kunena zonse ziwiri. Tikaisiya, adzaijambula ena, ndi ndalama zawo ndi zolinga zawo, monga zidachitikira ndi Selim ndi Tuman Bay.

Sitingayambe ndi filimu ya akavalo ndi malupanga. Tingayambe ndi zimene zili pafupi. M'midzi ya ku Makanjira, ku Malindi ndi ku Nkhotakota mukadali agogo amene adaphunzira kwa ophunzira a mashehe aja, amene akukumbukira amene adamanga mzikiti woyamba wa m'mudzi mwawo ndi kumene kitabu choyamba chidachokera. Madrasa iliyonse ingathe kutuma ophunzira ake akuluakulu, foni ili m'manja, kukakhala pamphasa ya agogowo ndi kuwajambula. Poyamba pa chojambula chilichonse atchule dzina la wolankhula, mudzi wake, tsiku, ndi amene iye adamva kwa iwo. Akatero adzakhala atasunga mbiri pamodzi ndi isnad yake, chinthu chimene masewero a mamiliyoni a madola aja alibe. Agogowo sadzakhala nafe nthawi zonse, choncho ntchitoyi ndi ya chaka chino.